Zomwe Ndidaphunzira Popanga Pulogalamu Yolembera CV M'Chichewa

Mawu Oyamba

Achemwali anga aakulu adalemba mayeso a Fomu 4 ine ndikadali kupulayimale. Atamaliza sukulu adagwirako ntchito yogulitsa m'sitolo ya munthu wina, kenaka adayamba geni yawoyawo yosoka ndi kugulitsa mayunifolomu a ana asukulu. Geniyo itayamba kuvuta, adaganiza zofunanso ntchito yolembedwa, ndipo paliponse pomwe ankapita ankauzidwa kuti asiye CV. Popeza alibe kompyuta, ankapita kumalo ena otayipira makalata m'tauni, komwe ankalipira nthawi iliyonse akafuna kusintha ngakhale mzere umodzi. Tsiku lina adandionetsa pepala lomwe adalipira. Dzina lathu la makolo lidalembedwa molakwika, ndipo pagawo la luso padali mawu a Chingerezi omwe iwo sadanenepo. Zidaoneka kuti wotayipayo adangotenga CV ya kasitomala wina n'kusintha dzina.

Ine ndimaphunzira zinenero, si zamakompyuta ayi. Komabe patchuthi chotsatira ndidaganiza zodziphunzitsa kupanga tsamba la pa intaneti lomwe munthu angalowetsepo mbiri yake poyankha mafunso a m'Chichewa, iro n'kumutulutsira CV yolongosoka bwino. M'nkhani ino ndifotokoza momwe ndidagwirira ntchitoyi, zolakwa zomwe ndidachita, ndiponso zomwe ntchitoyi idandiphunzitsa zokhudza chinenero chathu.

Kodi CV N'chiyani?

Ndisanalembe chilichonse pakompyuta ndidafuna kudziwa kaye chinthu chomwe ndikupanga. Zilembo ziwirizi zikuimira mawu a Chilatini akuti curriculum vitae, omwe amatanthauza njira ya moyo wa munthu. Maphunziro ambiri a pa intaneti omwe ndidapeza adali ochokera ku America, ndipo kumeneko amagwiritsa ntchito mawu akuti résumé, ochokera ku Chifalansa, otanthauza chidule. Kwa iwo résumé imakhala ya tsamba limodzi kapena awiri, pomwe CV ndi chikalata chachitali cha anthu ofuna ntchito zauphunzitsi kapena zakafukufuku m'mayunivesite. Kuno kwathu zonsezi timangozitchula kuti CV.

Kusiyanaku sikuli m'dzina mokha. Zitsanzo za ku America kawirikawiri sizikhala ndi tsiku lobadwa kapena chithunzi, chifukwa olemba ntchito amapewa kuganiziridwa kuti akusankha anthu potengera msinkhu kapena mtundu. Zimakhalanso ndi malo olembapo GPA, pomwe nambala yaikulu ndiyo yabwino. Pamayeso athu a MSCE, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, zinthu zimatembenuka: phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiye wopambana pomwe 9 ndi wolephera. Mapointi amawerengedwa pamaphunziro 6 omwe munthu wakhoza bwino kwambiri, kotero kuti mapointi 6 ndiwo apamwamba. Ndikadangotengera chitsanzo chakunja osaganiza, ndikadapanga pulogalamu yosamudziwa munthu yemwe ndinkafuna kumuthandiza. Choncho ndidatenga pepala ndi cholembera n'kulemba magawo 5 omwe ndinkafuna: za mwiniwake, maphunziro, ntchito, luso, ndi anthu omuchitira umboni.

Zida Zitatu

Masamba ambiri a pa intaneti amamangidwa ndi zinenero zitatu, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba ndi HTML, yomwe Tim Berners-Lee adayambitsa akugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, cha m'ma 1990. HTML imanena zomwe zili patsamba: uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, apa ndi polowetsa dzina, ili ndi batani. Chachiwiri ndi CSS, yomwe ganizo lake lidaperekedwa ndi Håkon Wium Lie m'chaka cha 1994 ndipo idavomerezedwa ndi bungwe la W3C m'chaka cha 1996. CSS imanena za maonekedwe, monga kukula kwa zilembo, mitundu, ndi mipata ya pakati pa ndime. Chachitatu ndi JavaScript, yomwe Brendan Eich adapanga ku kampani ya Netscape m'chaka cha 1995. Imeneyi ndiyo imachititsa kuti tsamba lichitepo kanthu munthu akadina batani kapena akalemba mawu.

Ubwino wa zida zitatuzi ndi wakuti sizifuna ndalama. Ndidatsegula mafayilo atatu mu pulogalamu yolembera mawu wamba, ndipo kuti ndione zomwe ndapanga ndinkangotsegula fayilo ya HTML mu browser. Sindinkafuna bandulo ya intaneti kuti ndiyese ntchito yanga. Mfundo imeneyi idali yofunika kwa ine, chifukwa ndinkafuna kuti pulogalamuyi izigwira ntchito ngakhale pomwe palibe netiweki.

Tsambalo ndidaligawa pawiri. Kumanzere kudali fomu ya mafunso, kumanja kudali pepala loyera loonetsa CV momwe idzaonekere ikasindikizidwa. Ndidalemba malangizo a JavaScript akuti nthawi iliyonse munthu akalemba chilembo kumanzere, pepala lakumanja lilembedwenso. Tsiku lomwe ndidalemba dzina langa n'kuliona likutuluka mbali inayo chilembo ndi chilembo, ndidadzuka pampando kukaitana mnzanga kuti adzaone.

Kusiyanitsa Mbiri ndi Maonekedwe

Poyamba ndinkatenga mawu m'bokosi lililonse la fomu n'kuwaika mwachindunji pamalo ake papepala. Njirayi idagwira ntchito pa dzina ndi nambala ya foni, koma idakanika nditafika pa maphunziro ndi ntchito. Munthu ali ndi dzina limodzi, koma sukulu zomwe adaphunzirako zikhoza kukhala ziwiri kapena zisanu. Ndikadaika mabokosi atatu okha, wina akadasowa polemba pomwe wina akadatsala ndi mizere yopanda kanthu.

Yankho lake lidali kusunga mbiri yonse pamalo amodzi, m'chinthu chomwe mu JavaScript chimatchedwa object. Mkati mwake ndidaikamo dzina, foni ndi keyala, kenaka ndandanda ya sukulu ndi ndandanda ya ntchito. Ndandanda yotere imatchedwa array, ndipo imakula kapena kuchepa malinga ndi zomwe mwaikamo. Munthu akadina batani lowonjezera ntchito, pulogalamu imaika chinthu chatsopano m'ndandanda, kenaka imajambulanso fomu ndi pepala potengera zomwe zili m'ndandandamo. Akachotsa ntchito, zimachitikanso chimodzimodzi.

Apa ndipo ndidazindikira mfundo yaikulu ya ntchito yonseyi: mbiri ya munthu ndi chinthu china, maonekedwe ake papepala ndi chinthu chinanso. Zikasiyanitsidwa, mukhoza kusintha kaonekedwe ka CV osakhudza mawu a mwiniwake. Ophunzira zinenero sitingadabwe nazo, pakuti ifenso timasiyanitsa uthenga ndi mawu omwe aunyamula.

Nkhodolero Yomwe Idadula Dzina

Cholakwa changa choyamba chachikulu chidaonekera mnzanga wina atalemba dzina lokhala ndi nkhodolero, longa Ng'oma kapena M'manga. Atadina batani lowonjezera sukulu, fomu idajambulidwanso, ndipo m'bokosi la dzina mudatsala zilembo ziwiri zokha, Ng. Zina zonse zidasowa.

Ndidatha madzulo athunthu ndikufufuza. Vuto lidali lakuti pojambula fomu ndinkalumikiza zidutswa za HTML ngati mawu wamba, ndipo dzina la munthu ndinkaliika pakati pa nkhodolero ziwiri zosonyeza poyambira ndi pothera. Browser ikafika pa nkhodolero ya mkati mwa dzina inkayesa kuti dzinalo lathera pomwepo. Chizindikiro chomwe kwa ife chimasiyanitsa liwu la mu ng'ombe ndi la mu ngoma, kwa makinawo chidali mpanda wotsekera mawu.

Mankhwala ake ndi kuleka kusakaniza mawu a munthu ndi malangizo a makina. M'malo mogwiritsa ntchito innerHTML, yomwe imawerenga chilichonse ngati HTML, ndidayamba kupanga bokosi lililonse ndi createElement, n'kuika mawu a munthu kudzera mu value kapena textContent. Zimenezi zimatenga mawu momwe alili osawamasulira. Pambuyo pake ndidawerenga kuti cholakwa chomwechi ndicho khomo lomwe akuba a pa intaneti amalowerapo: ngati tsamba limawerenga zolemba za mlendo ngati malangizo, munthu woipa akhoza kulembamo malangizo ake. Dzina la Chichewa ndilo lidandiphunzitsa za chitetezo ndisanadziwe n'komwe kuti vutoli liliko.

Chilembo cha Kadenga

Cholakwa chachiwiri chidakhudza w wokhala ndi kadenga pamwamba. Ngakhale ambiri sitimulembanso masiku ano, amapezeka m'mabuku akale ndipo anthu ena amamusungabe m'mayina awo. M'chitsanzo chomwe ndidaika m'fayilo ndidalemba kuti Malaŵi, koma pakompyuta ina padatuluka MalaÅµi.

Chifukwa chake n'chakuti kompyuta simasunga zilembo koma manambala. M'dongosolo la Unicode chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo ya ŵ imalembedwa kuti U+0175. Njira yotchedwa UTF-8, yomwe Ken Thompson ndi Rob Pike adapanga m'chaka cha 1992, imasunga zilembo wamba za Chingerezi mu byte imodzi, koma ŵ amafuna ma byte awiri. Browser ikapanda kuuzidwa njira yomwe fayilo idalembedwera, ikhoza kuwerenga ma byte awiriwo ngati zilembo ziwiri zosiyana, n'chifukwa chake padatuluka Å ndi µ. Vutoli lidatha nditaika mzere umodzi kumayambiriro a fayilo ya HTML wonena kuti charset ndi utf-8. Phunziro lake ndi lakuti poyesa pulogalamu ya anthu akwathu tiziyesa ndi mayina akwathu, osati John Smith wa m'zitsanzo.

Kumasulira Mabatani ndi Mafunso

Gawo lomwe ndinkaliyesa losavuta, popeza ndimaphunzira zinenero, ndilo lidanditengera nthawi yaitali. Choyamba ndidayenera kusankha momwe pulogalamu izilankhulira ndi munthu. Chingerezi chimangoti save kapena print kwa aliyense, koma m'Chichewa tiyenera kusankha pakati pa sunga ndi sungani. Makina kuuza achemwali anga kuti “lemba dzina lako” kukadakhala chipongwe. Choncho mabatani onse adakhala aulemu: Sungani, Onjezani, Chotsani, Sindikizani.

Mawu ena ndidawasiya momwe anthu amawanenera. Palibe yemwe amapita kukafuna ntchito n'kunena kuti wabweretsa mbiri ya moyo wake. Amati wabweretsa CV. Mawu akuti foni, fomu ndi satifiketi adakhazikika kale. Koma liwu lakuti code ndidalephera kulilemba m'kalembedwe kathu, chifukwa likadakhala kodi, n'kusokonezeka ndi liwu loyambira funso.

Kuwerengera nthawi yomwe munthu wagwira ntchito kudabweretsa vuto lina. Masamu ake ngosavuta: kuchokera mu Malichi 2016 mpaka mu Juni 2019 ndi miyezi 39, yomwe ndi zaka 3 ndi miyezi 3. Ndidangopunthwa pang'ono chifukwa JavaScript imawerenga miyezi kuyambira pa 0, kotero kuti Januwale ndi 0 ndipo Disembala ndi 11. Chovuta chenicheni chidali galamala. Zitsanzo zomwe ndinkatsatira zinkangowonjezera s kumapeto kwa liwu nambala ikaposa 1. M'Chichewa kuchuluka kumaonekera koyambirira kwa dzina, ndipo gulu lililonse la mayina lili ndi njira yake: chaka chimakhala zaka, mwezi umakhala miyezi. Mgwirizano nawo umasintha, pakuti timati chaka chimodzi koma mwezi umodzi, zaka ziwiri koma miyezi iwiri. Ndidalemba kandandanda kosunga dzina lililonse m'maonekedwe ake awiri, pulogalamu n'kumasankhapo loyenera. Magulu a mayina omwe tinkaloweza m'kalasi adasanduka malangizo a makina.

Panali funso lina lalikulu: kodi CV yeniyeniyo ituluke m'chinenero chanji? Mtima wanga unkafuna Chichewa. Koma malonda a ntchito m'nyuzi zathu amatuluka m'Chingerezi, ndipo olemba ntchito amayembekezera CV ya Chingerezi. Ndikadaumirira, ndikadakondweretsa mtima wanga koma n'kuwalakwira achemwali. Ndidasankha kuti mafunso akhale m'Chichewa, koma mitu ya papepala munthu azisankha yekha chinenero. Ndidasunga mitu yonse m'ndandanda ziwiri, ina ya Chichewa ina ya Chingerezi, ndipo batani limodzi limasintha pepala lonse. Mawu omwe munthu walemba yekha pulogalamu simawamasulira, ndipo ndidalemba chenjezo lomveka bwino pamwamba pa fomu lonena zimenezi.

Zinsinsi za Eni Ake

Kuti munthu asataye ntchito yake magetsi akazima, ndidagwiritsa ntchito localStorage, kachipinda ka mu browser komwe tsamba lingasungemo mawu. Mbiri yonse ndinkaisandutsa mawu a m'dongosolo la JSON n'kuisunga m'menemo nthawi iliyonse pakasintha kanthu. Munthu akatsegulanso tsambalo ankapeza zonse zili momwe adazisiyira, ndipo ndidadzitama nazo.

Kudzitamako kudatha tsiku lomwe tidayesa pulogalamuyi pakompyuta ya anthu ambiri. Wophunzira wina atatsegula tsambalo adapeza dzina, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa la munthu yemwe adaligwiritsa ntchito dzulo lake. Ndidachita manyazi kwambiri. Ndidaiwala kuti anthu omwe ndinkawapangira pulogalamuyi ndi omwewo omwe alibe kompyuta yawoyawo. Zomwe zili mu localStorage sizifufutika munthu akatseka browser, zimadikira wotsatira.

Ndidasintha zinthu zitatu. Ndidasamukira ku sessionStorage, yomwe imafufutika munthu akatseka tsamba. Ndidaika batani lalikulu lakuti Fufutani Zonse. Ndidawonjezeranso njira yoti munthu atsitse mbiri yake ngati fayilo yaing'ono, aisunge pafoni kapena pa flash, adzailowetsenso tsiku lina. Mbiri ya munthu situmizidwa kwina kulikonse, imakhala m'manja mwa mwiniwake. Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta m'chaka cha 2024, koma ngakhale pakadapanda lamulo, wopempha munthu tsiku lake lobadwa ayenera kudziwa komwe alisunge.

Kusindikiza

CV imathera papepala kapena mu fayilo ya PDF. Ndidayesa kufufuza zida zapadera zopangira PDF, kenaka ndidapeza kuti browser imatha kale ntchitoyi. Batani langa losindikiza limangoitana lamulo lotchedwa window.print, ndipo munthu amasankha kutumiza ku pulinta kapena kusunga ngati PDF. Mu CSS muli gawo lotchedwa @media print, momwe mumalemba maonekedwe a papepala okha. M'menemo ndidabisa fomu ndi mabatani onse kuti patsale CV yokha.

Apanso zitsanzo zakunja zidafuna kundisocheretsa. Pepala la ku America lotchedwa Letter ndi la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pomwe ife timagwiritsa ntchito A4, ya mamilimita 210 ndi 297. Ndidayenera kutchula A4 mwachindunji. Ndidaikanso lamulo lakuti break-inside: avoid pantchito iliyonse, kuti mutu wa ntchito usatsale pansi pa tsamba loyamba mawu ake ali patsamba lachiwiri. Ndidapewa mitundu ndi zokongoletsa chifukwa CV zambiri kwathu zimadutsa pa fotokope, pomwe zilembo zotuwa zimazimiririka.

Kuyesa ndi Mwini Nkhani

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nditakhutira ndi ntchito yanga ndidabwereka laputopu n'kupita nayo kwa achemwali. Ndidalonjeza mumtima kuti ndikhala chete n'kungoonerera.

Adayankha bwino mafunso a dzina ndi maphunziro. Pagawo lakuti “Ntchito zomwe mudagwirapo” adalembapo za kusitolo kuja, n'kupitirira ku gawo lina. Ndidalephera kupirira.

“Achemwali, nanga zosoka zija simulemba?”

“Iwe, imene ija ndi ntchito? Ija ndi geni. Apa afunsa ntchito.”

“Koma mudasoka zaka zambiri, mumasunga buku la ndalama, mudaphunzitsanso atsikana awiri.”

“Ndiye ukadafunsa choncho. Ukati ntchito, ine ndimva ya bwana ndi malipiro a pamwezi.”

Adali kunena zoona. M'dikishonale liwu lakuti ntchito ndi lotakata, koma pafomu limamveka ngati ntchito yolembedwa. Kumasulira kwanga kudali kolondola m'galamala koma kudabisa zaka zomwe achemwali adaphunziramo zambiri kuposa kusitolo. Funsolo ndidalisintha kukhala “Ntchito, geni kapena bizinesi yomwe mudachitapo”, ndipo pansi pake ndidaika mafunso othandiza: munkachita chiyani tsiku ndi tsiku, munkayang'anira anthu angati, munkasunga ndalama kapena katundu? Liwu lakuti mboni, lomwe ndidaika pagawo lomaliza, adalikananso, akuti likumveka za kukhoti. Tidagwirizana zolemba kuti “Anthu okudziwani bwino omwe angafunsidwe za inu”, ndipo iwo eni adandiuza kuti ndiwonjezere chikumbutso chakuti munthu awapemphe kaye asanalembe mayina awo.

Mawu Otsiriza

Kwa mnzanga wophunzira zinenero yemwe angafune kuyesa ntchito yotere, malangizo anga ndi awa. Sankhani vuto laling'ono la munthu yemwe mukumudziwa. Lembani magawo ake papepala musanakhudze kompyuta. Yambani ndi HTML yokha, kenaka CSS, JavaScript pomaliza, ndipo muziyesa kanthu kamodzi panthawi imodzi. Yesani ndi mayina okhala ndi nkhodolero ndi kadenga, pakompyuta ya anthu ambiri, ndiponso papepala lenileni. Pomaliza, perekani pulogalamuyo kwa mwini vuto, inu mukhale chete.

Mwa zolakwa zomwe ndafotokozazi, zambiri zidali za chinenero: chizindikiro cha m'kalembedwe, chilembo, ulemu wa mneni, magulu a mayina, ndi tanthauzo la liwu pamalo pomwe lagwiritsidwa ntchito. Zimenezi ndi zomwe timaphunzira m'dipatimenti yathu, ndipo mapulogalamu a m'Chichewa sangalongosoke popanda anthu ozidziwa. Pulogalamu yanga ikadali yaing'ono, ndipo pafoni yaing'ono fomu ndi pepala zimapanikizana, ntchito yomwe ndikuikonza tsopano. Koma madzulo a tsiku lomwe lija achemwali adatulutsa ma CV awiri osiyana, ina yofunsira ntchito ya m'sitolo, ina ya kosokera zovala. Dzina lathu la makolo lidalembedwa molondola pa onse awiri, ndipo mawu onse adali awo.